Mwana wokana nyemba zofumbwa si hooligan

Aphunzitsi anzanga, pali liwu limodzi lachingerezi lomwe talikonda mopyola muyeso m'komiti ya disipulini: hooliganism. Mwana akakuwa m'holo, timalemba hooliganism. Akakana nyemba zofumbwa, hooliganism. Akaswa mawindo a labu, hooliganism yomweyo. Milandu itatu yosiyana yapatsidwa dzina limodzi, ndipo kholo lomwe lakongola ndalama ya minibasi kuti lidzamve nkhaniyo likungogwedeza mutu, osadziwa chomwe mwana wake walakwa.

Liwuli ndi lolemera. Linatchuka m'nyuzipepala za ku London mu 1898, ponena za magulu a anyamata omwe ankamenya anthu m'misewu. Pambuyo pake linakhala dzina la ochemerera mpira achiwawa, monga aja anachititsa chipwirikiti pa bwalo la Heysel ku Brussels mu 1985, pomwe anthu 39 anafa. Hooligan ndi munthu wachiwawa, womenya anzake ndi kuononga zinthu pagulu. Wodandaula chakudya sali m'gulu limeneli.

Kuipa kwa dzina lotere n'kwakuti likatchulidwa, kufufuza kumathera pompo. Mu 1989, pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield, kunachitika mpanipani womwe unapha ochemerera Liverpool 97. Apolisi analoza chala ochemererawo kuti anali oledzera ndi osamvera, ndipo ambiri anakhulupirira chifukwa mbiri ya uhooligan inalipo kale. Mu 2016, patatha zaka 27, bwalo lofufuza za imfazo linagamula kuti ochemererawo sanachititse ngoziyo.

Ine ndemwe ndinasainirapo kalata yotere. Mnyamata wa Fomu 3 anaimba mbale ndi sipuni podandaula ndiwo. Tinamuimitsa milungu iwiri, koma palibe mmodzi wa ife anapita kukitchini kukasuzumira m'thumba la nyembazo.

Ena munena kuti ndikulekerera ana. Ayi. Woswa mawindo alipire, womenya mnzake alangidwe. Koma m'kalatamo lembani chomwe wachita, tsiku lake, ndi amene anaona. Ngati simungathe kumasulira mlanduwo m'Chichewa choti agogo ake amve, ndiye kuti inunso simunaumvetse.

Inu amene ndinakuphunzitsani, ngati liwuli lili m'failo yanu ndipo siginecha ili pansiyo ndi yanga, bwerani tidzakambirane. Ndidzayamba ndine kufunsa funso lomwe ndinalilumpha tsiku lija, loti chinachitika n'chiyani.