Mutu Ukauma, Musadikire Tsiku Lopanda Ntchito

Amayi anzanga, m'bungwe lililonse la amayi muli mayi amene kale ankadziwika ndi luso. Wina ankapeka nyimbo za pa chikondwerero cha parishi. Wina ankaluka majuzi a ana ndi madoilo. Wina ankakonza sewero lophunzitsa za kolera, ndipo wina ankasoka diresi osaonera kwa munthu. Mukamufunsa lero amayankha kuti, "Mutu unauma, mayi. Ndikadzapeza nthawi ndidzayambiranso." Mwina mayi ameneyo ndi inu.

Ndikuuzeni mosapsatira, nthawi imene mukuidikirayo sidzabwera. Mukamaliza kupalira pali kubandira, mukakolola pali kutonola, ndipo pakati pake pali maliro, odwala ku chipatala, geni ndi sukulu fizi. Zaka zikudutsa makina osokera ali pansi pa bedi. Ndalama zimene akanabweretsa zikutayika, ndipo atsikana athu akukula osaona manja a mayi awo akupanga chinthu chatsopano. Luso liyenera kupeza malo mkati mwa ntchito zomwezi.

Takumbukirani agogo athu. Analibe tsiku lopuma, koma nyimbo za pamtondo anapeka ndi iwo. Ankapeka musi uli m'manja, thukuta lili kamukamu, wina akayambitsa mnzake n'kupolokozera. M'nyimbomo ankadzudzula mwamuna woledzera, kudandaula za apongozi ndi kulira amuna amene anapita ku Joni kapena ku Halale. Zinali zokoma moti katswiri wina wa nyimbo za mu Africa, Hugh Tracey, anazijambula m'midzi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1950. Manja akamagwira ntchito imene anaizolowera, mutu umamasuka n'kuyamba kusewera ndi mawu.

Lero chigayo chinatilanditsa ku mtondo, ndipo tithokoze chifukwa misana yathu yapuma. Koma timipata timene mutu ukanayendayenda tadzaza ndi foni. Pamzere wa pa mjigo tili pa WhatsApp, podikira mphika tili pa Facebook, pogona timvere kaye mauthenga a m'magulu asanu. Mutu umene ukungolandira za ena tsiku lonse ulibe mpata wobala zake. M'chaka cha 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anapeza kuti anthu amatulutsa maganizo atsopano ambiri akamayenda kusiyana ndi pamene akhala pansi. Ife timayenda tsiku ndi tsiku, ku munda, ku msika, ku mphakati. Sankhani ulendo umodzi patsiku, foni ikhale m'chikwama, mutu ukhale pa chinthu chimodzi chimene mukufuna kupanga.

Wina anena kuti zimenezi n'za anthu opeza bwino, amene ali ndi wantchito pakhomo. N'zoona kuti umphawi umadya nthawi ndi mphamvu, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Koma tamvani za Buchi Emecheta, mayi wa ku Nigeria amene anapita ku London m'chaka cha 1962. Buku loyamba limene analemba, mwamuna wake analitentha lisanasindikizidwe. Banja litatha anatsala yekha ndi ana asanu ali ndi zaka 22, akugwira ntchito komanso akuphunzira. Ankadzuka m'mamawa kulemba ana asanadzuke. Buku lotenthedwalo analilembanso ndipo linatuluka mu 1976 ndi dzina lakuti The Bride Price. Nthawi imene anali nayo inali ya m'mphepete mwa tsiku, monga yathuyi.

Tsono yambani ndi mphindi 15 zokha, pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Musaike ntchito yanu pansi pa sutikesi. Zoluka zikhale m'kathumba kamene mumapita nako ku sikelo kapena kodikirira wodwala. Ngati mumapeka nyimbo, mzere ukabwera muujambule pa foni nthawi yomweyo, kapena muuimbire mwana wanu kuti akusungireni, pakuti zimene zabwera pochapa zimathawa musanayanike zovala. Polekeza, lekezani pamene mukudziwa chochita mawa, mwachitsanzo nsalu mutaidula kale, kuti pobwerera musayambe ndi kudzifunsa poyambira. Ndipo lolani kuti choyamba chituluke chokhota. Amayi ambiri amaumitsidwa ndi mantha oti sichifanana ndi zimene ankapanga kale. Dzanja limene lakhala zaka zitatu osagwira singano limafunika masabata angapo kuti likumbukire. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Monga namwino ndi mzamba ndiyenera kuwonjezera chenjezo. Nthawi zina kuuma kwa mutu ndi uthenga wochokera m'thupi. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 usiku. Mayi amene amagona 11 koloko n'kudzuka 4 koloko miyezi yotsatizana asadabwe kuti nzeru sizikubwera. Kwa iyeyo mphindi 15 zija azichotse ku foni, osati ku tulo.

China ndi kuchepa kwa magazi. Mukamatopa msanga, kuchita chizungulire, mtima kuthamanga pokwera kachitunda, zikhatho ndi m'zikope kuyera, pitani mukayezetse. Hemoglobini ikatsika pansi pa 12 kwa mayi amene si woyembekezera, kapena pansi pa 11 kwa woyembekezera, magazi achepa. Malungo, njoka zam'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi ndi kutaya magazi ambiri posamba ndi zina mwa zoyambitsa. Chiwindi, nyama, usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka mukadyera limodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje kapena malambe. Tiyi wakuda musamwere pa chakudya, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Koma chakudya chokha sichingachize magazi amene akutayika, n'chifukwa chake kuyezetsa kuli kofunika.

Chachitatu ndi matenda a kukhumudwa. Kutaya chidwi pa zinthu zimene munkazikonda ndi chimodzi mwa zizindikiro zake zazikulu. Ngati papita masabata awiri kapena kuposerapo muli wosakondwa pafupifupi tsiku lonse, tulo ndi chakudya zasokonekera, mukudziona wachabechabe, musadzinene waulesi. Bungwe la WHO limati m'maiko amene akukwera kumene, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amakumana ndi vuto la maganizo akangobereka, ndipo nthawi zambiri limakhala kukhumudwa kumeneku. Matendawa amachizika. Uzani namwino pa chipatala chapafupi. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komanso chipatala cha Zomba Mental amathandiza pa zimenezi. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mupite ku chipatala osachedwa.

Pomaliza ndilankhule ndi inu atsogoleri a mabungwe athu. Nthawi zambiri mayi waluso timamupha ndi maudindo. Yemweyo akhale mlembi, yemweyo asunge buku la banki m'khonde, yemweyo aphike pa maliro, kenaka Lachisanu timuuze kuti pofika Lamulungu tikufuna nyimbo yatsopano. Mupepuzireni katundu. Pa msonkhano wa pamwezi patulani theka la ola loti aliyense abwere ndi chimene akupanga, chatha kapena ayi. Wopeka aimbe mizere iwiri imene ali nayo, ena ayese kupolokozera monga zinkachitikira pamtondo. Woluka amene wasokonezeka aonetse anzake pamene pamuvuta. Pakhale lamulo limodzi, lakuti chinthu chosatha sichisekedwa. Mayi amene wasekedwa kamodzi pagulu amabisa luso lake zaka khumi. Ndipo mukaona mnzanu amene ankayambitsa nyimbo wangoti zii miyezi ingapo, muyendereni kunyumba, mumufunse za tulo ndi za thupi lake musanamufunse za nyimbo.

Ku sikelo amayi amaiwala zimene talankhula ife anamwino, koma nyimbo ya katemera kapena ya kuyamwitsa amapita nayo kunyumba n'kukaiimba akusinja nsinjiro. Nyimbo zimenezo zinapekedwa ndi anthu otanganidwa ngati inu, ndipo zina zakalamba, zikufunika zatsopano. Madzulo ano tulutsani kathumba ka ulusi kaja, kapena kope lija, muliike pamene mudzaliona mukadzuka.