Nandolo sawoloka nyanja popanda mapepala

Mu 2016 boma la Moçambique ndi la India anasainirana pangano la malonda a nandolo. Msika ulipo, koma thumba lochoka kumunda silifika ku India ndi mphamvu za mlimi zokha.

Pakati pali anthu awiri. Woyamba ndi transitário, amene amapeza lole, kontena ndi malo m'sitima pa doko la Beira kapena la Nacala. Wachiwiri ndi despachante, amene amaimira mwini katundu ku Alfândega ndi kulemba chikalata cha Documento Único. Kuyambira mu 2011 ntchito imeneyi inayamba kuchitika pa kompyuta, kudzera ku Janela Única Electrónica. Pamafunikanso chikalata chotsimikiza kuti mbewu ilibe tizilombo, ndi china chonena dziko limene inalimidwa.

Pepala limodzi likasowa, katundu amaima. Ndalama yosungira padoko imakwera tsiku ndi tsiku, anankafumbwe amalowa m'matumba, sitima n'kunyamuka. Wamalonda akaluza chonchi, chaka chotsatira amatsitsa mtengo wa pasikelo. Wolira ndi mlimi, amene sanaonepo doko.

Choncho wamalonda asapereke ndalama kwa aliyense wonyamula chikwama pachipata. Ayambe waona chiphaso chake. Munthu wolonjeza njira yachidule amathawa katundu akagwidwa.

Nawo a Alfândega ali ndi udindo. Afotokoze malamulowa pa wailesi m'chinenero cha anthu, ndipo asawasinthe katundu ali kale panjira. Lamulo losadziwika limanenepetsa akatangale.

Kuthamanga sikufika. Mapepala ayambe, lole inyamuke pambuyo.