Kumayadi ndi Kumalokeshoni: Za Malo Okhalamo mu Blantyre ndi Lilongwe

Palibe chaka chimene chimatha popanda mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma kulandira kalata yomsamutsira ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo chimwemwe cha kalatayo sichikhalitsa, pakuti m'mbuyo mwake mumabwera funso lolemera lakuti banja likafikira kuti. Akafunsa anzake amene anatsogola, amamuyankha ndi maina okhaokha. Ena amati Namiwawa, Sunnyside, Nyambadwe, Area 10, Area 43, natchula mainawo monga munthu atchula dziko lakutali limene sadzalipondamo. Ena amati Mbayani, Ndirande, Chilobwe, Mtandire, Chinsapo, Mgona, napukusa mutu. Chotero munthu amalowa mu mzinda atauweruza kale ndi makutu, maso asanaone kanthu.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu mzinda wa Blantyre, ndipo ochuluka a iwo sakhala m'malo amene maina ake amatchulidwa ndi ulemu. Tsono nkoyenera kuti anthu ophunzira, amene ena amadza kwa iwo kudzafunsa nzeru, adziwe kumene mbiri ya malo amenewa inachokera, ndiponso ngati mbiriyo ikunena zoona.

Blantyre sanagawike mwangozi. Amishoni a ku Scotland anafika pamalopo mu 1876, amalonda a African Lakes nawatsata namanga nyumba ya Mandala mu 1882, ndipo Limbe anakula pambuyo pake chifukwa cha njanji ndi fodya, kufikira matauni awiriwo anaphatikizidwa mu 1956. M'zaka zonsezo Azungu anadzisankhira zitunda zamphepo yabwino, kumene madzi a mvula sakhalitsa ndi udzudzu suchuluka, nadula mapuloti aakulu okhala ndi kanyumba ka wantchito kuseri. Amwenye anakhala pafupi ndi masitolo awo pakati pa tauni. Mbadwa za dziko lino, zimene zinaumba njerwa za nyumba zonsezo, zinakhala kunja kwa malire a tauni, pa malo a mafumu, nkumayenda pansi m'mawa ndi madzulo. Ndirande anakula motero, ndipo ndicho chifukwa chake kufikira lero Ndirande ndi Nyambadwe akhalira moyang'anizana, wina wothithikana, wina wa mitengo ndi kapinga. Ufulu utabwera mu 1964 lamulo la khungu linatha, koma mapaipi, misewu ya phula ndi ngalande zinatsala pomwe zinaikidwa. Amene analowa m'nyumba za Azungu analowanso m'madalitso a mapaipiwo.

Lilongwe ali ndi mbiri ina, chifukwa iye anayamba wajambulidwa papepala. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, ndi thandizo la ngongole yochokera ku South Africa, ndipo Boma linasamukira kumeneko kuchoka ku Zomba mu 1975. Ojambula mapu anafuna mzinda wa mitengo ndi mabwalo, wotayana, wogawidwa m'zigawo za manambala. Akuluakulu a Boma ndi akazembe anawaika pafupi ndi Capital Hill, ku Area 10, 11, 12, kenaka 43. Ogwira ntchito apakati ku Area 18. Antchito wamba kutali, monga ku Area 25 kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Mzinda wotere ndi wokoma kwa mwini galimoto. Kwa mlonda, wophika ndi wolima maluwa unali wosatheka, pakuti mapuwo sanawasiyire pogona pafupi ndi ntchito yawo. Iwo anadzipezera okha: Mtandire anamera pambali pa Area 47, Kauma pambali pa Area 12. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene munthu sangachiiwale akachimva, chakuti maiwe olandira zonyansa za m'mapaipi a mzinda ali ku Kauma, kumene eni malo ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba.

Kunena mosabisa, kumayadi kuli zabwino zenizeni, ndipo amene amakukhumba sanalakwe. Puloti ili ndi malire odziwika ndi kalata ya umwini, msewu umafika pakhomo kotero kuti ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto ingathe kulowa, madzi ali m'nyumba, ndipo mwana angathe kuwerenga usiku popanda phokoso la bala. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Minibasi siilowa m'misewu yambiri ya kumeneko. Msika uli kutali. Lendi ya nyumba imodzi ingathe kumeza malipiro a mphunzitsi a miyezi ingapo, ndipo pamwamba pake pali mlonda, agalu ndi mpanda wa njerwa wokhala ndi waya. Munthu angathe kudwala sabata yathunthu woyandikana naye osadziwa. Ngakhale mapaipi amene ndiwo ulemerero wa malo olongosoka si odalirika nthawi zonse: mu 2017 anthu a ku Area 18 anatunga m'mipopi yawo madzi osakanikirana ndi zonyansa za suweji, ndipo nkhaniyo inakafika kukhoti.

Madzi ndiwo muyeso woyamba wa malo, woposa dzina. Mzinda wa Blantyre umamwa makamaka madzi a mu Shire, amene amapopedwa pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita ngati 40, nakwezedwa mamita ngati 800 ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi akazima, kupopa kumaima, ndipo oyamba kuuma mipopi ndi okhala pamwamba ndi kumathero a paipi. Madzi a ku Likhubula ku Mulanje, amene anayamba kufika mu 2019, anachepetsako vutolo kumbali ya Limbe, koma sanasinthe chilengedwe cha mzinda wa mapiri. Wa kumayadi amagula thanki naiwala. Wa kulokeshoni amadzuka tambala asanalire kukaima pamzere pa kiyosiki, kumene amagula madzi ndi ndowa, ndipo akawerengetsera bwino amapeza kuti iye wosaukayo walipira lita imodzi modula kuposa mwini mpopi wa m'nyumba. Ndalama ya pa kiyosiki ikasowa, amapita kuchitsime kapena kumtsinje wa Mudi, Nasolo kapena Lingadzi, ndipo kumeneko ndiko kolera amadikira. Mliri umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo aphunzitsi akukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda iwiriyi zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo. Lamulolo silinasankhe sukulu za kulokeshoni zokha ayi. Amene amaphika ndi kulera ana ku Area 47 amagona ku Mtandire, ndipo mpanda wa njerwa sufunsa chimene munthu wanyamula m'mimba.

Muyeso wachiwiri ndi nthaka imene nyumba yaimapo, ndipo apa mpamene pali imfa ndi moyo. Kwa zaka zambiri anthu anakhala akukwera m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe, mzere wa nyumba pamwamba pa mzere unzake, mitengo ikugwa kuti ikhale makala ndi nkhuni zowotchera njerwa. Okalamba a mu Blantyre akukumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango. Ana a lero amalidziwa lili mbee. Puloti ya m'phiri inali yotsika mtengo, ndipo wogulitsa ankati taonani mphepo yake, taonani mzinda wonse uli pansi panu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, nthaka ya m'phiri la Soche inakhuta madzi niyamba kuyenda, ndipo matope ndi miyala yaikulu zinatsikira pa Chilobwe ndi malo ozungulira, kukokolola nyumba pamodzi ndi eni ake. M'dziko lonse akufa, pamodzi ndi amene sanapezeke, anaposa 1,000, ndipo mzinda wa Blantyre unali m'gulu la malo amene analira koposa. Mvula yomweyo inagwanso ku Namiwawa ndi ku Mount Pleasant, koma kumeneko anthu anadzuka m'mawa kukonza mipanda ndi kuchotsa nthambi. Kusiyana kwake sikunali kwa mwayi. Kunali kwa kutsetsereka kwa malo, kwa maziko a nyumba, kwa njerwa zowotcha ndi zidina, ndi kwa ngalande zimene wina anazikumba zaka 60 zapitazo. Ku Lilongwe kulibe mapiri otere, koma kuli madambo, ndipo mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira nulowa m'nyumba za ku Mtandire. Dambo limaoneka louma mu Okutobala, mwezi umene ogulitsa mapuloti amakonda kuonetsa malo.

Koma kungakhale kulakwa kuganiza kuti anthu okhala m'malo onyozekawo ndi opanda nzeru. Munthu wa ku Ndirande amayenda pansi kupita ku mafakitale a ku Makata, ku Ginnery Corner kapena kuchipatala cha Queen Elizabeth, pamene mnzake amene anathawira kutali amasiya gawo lalikulu la malipiro ake m'manja mwa kondakitala. Msika wa Ndirande uli ndi zonse, kuyambira bonya kufikira chitsulo cha galimoto chimene chasowa m'masitolo a m'tauni, ndipo amisiri ake amadyetsa mzinda wonse. Mkazi wa mphunzitsi angathe kuyala tomato kapena kuphika mandasi pakhomo napeza ogula, chimene kumayadi sichingatheke. Pakagwa maliro anthu amasonkhana osaitanidwa. Zimenezi sizilembedwa pa mapu a khonsolo, koma banja la malipiro ochepa limaziwerengera, ndipo limawerengera bwino. Choipa cha malo amenewa si anthu ake. Ndi kusowa kwa ngalande, kwa misewu, kwa kotaya zinyalala ndi kwa nyali za usiku, ndipo zonsezi ndi zinthu zimene ndalama ndi dongosolo zingathe kukonza.

Pakati pa mbali ziwirizi pali malo amene ogwira ntchito m'Boma akhala akuwakonda koposa, ndipo mwina ndiwo abwino enieni: Chitawira, Kanjedza, Nkolokosa, Chinyonga ndi Naperi ku Blantyre, Area 18, 15 ndi mbali zina za 47 ndi 49 ku Lilongwe. Nyumba zambiri za kumeneko zinamangidwa ndi Boma kapena ndi Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964. Ndi zazing'ono, zina zakalamba, koma zinaikidwa m'mizere, pa nthaka yoyesedwa, pafupi ndi sukulu ndi msewu wa basi. Vuto lake ndi lakuti mizinda inakula mofulumira kuposa kumanga kwake, ndipo wofika lero amapeza mndandanda wa odikira uli wautali.

Chifukwa cha ichi ambiri atembenukira kunja kwa mzinda, ku Chileka, Machinjiri ndi Mpemba, kapena ku Njewa ndi m'mbali mwa misewu ya ku Mchinji ndi ku Dedza, kumene munthu amagula munda namanga pang'onopang'ono podikira penshoni. Maganizowo ndi abwino, koma ndi kumenenso adobadoba amadyera. Puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri, kapepala kosainidwa pansi pa mtengo kamatchedwa umboni, ndipo palibe amene wasiya malo a msewu, a sukulu kapena a paipi. Malo otere, amene lero akuoneka ngati kumayadi kwatsopano chifukwa cha malata owala, angathe kukhala Mbayani wa zaka 20 zikubwerazi, wa nyumba zazikulu zopanda njira. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a za malo ndi a kamangidwe ka mizinda mu 2016, ndipo maofesi a za malo ndi a khonsolo alipo kuti munthu akafunse asanapereke ndalama. Safunsa anadya phula. Makhonsolo nawonso ali ndi mbali yawo, pakuti kuletsa anthu kumanga m'phiri popanda kuwadulira mapuloti ena otsika mtengo pa malo otetezeka nkungowasuntha kuchoka paphiri lina kupita palina.

Tsono mphunzitsi amene wagwira kalata yake yosamukira achita bwino kusunga mainawo m'thumba, napita yekha kukaona. Akafunse amayi a pamalopo, osati mwini nyumba, kuti madzi anatuluka masiku angati sabata yatha. Akayang'ane pakhoma ngati pali mzere wa matope umene madzi osefukira anasiya, ndi kumtunda kwa nyumba ngati kuli miyala yopanda mitengo yoigwira. Akawerengetse ndalama ya minibasi ya mwezi wathunthu, ya iye ndi ya ana, naiphatikize pa lendi asanayerekeze nyumba ziwiri. Ndipo ngati nkotheka, ulendo woonera nyumbawo ukhale wa mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse.