YEZANI MPHEPO MUSANAGULE MAKINA A MPHEPO

Acinyamata anzanga mwa Ambuye, cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo m'madera ambiri a dziko lathu malaiti ankazima maora oposa 20 pa tsiku. Kucokera nthawi imeneyo ogulitsa zipangizo za magetsi aculuka. Pakati pa katundu wao pali timakina ta mphepo ta mapiko atatu kapena asanu, tolembedwa pa bokosi kuti mawati 400 kapena 1000. Tsono m'magulu ena a acinyamata mwabuka ganizo lakuti ndalama za gulu zigule kamakina kotere, kaikidwe pa denga la chalichi, kuti kwaya iziphunzira nyimbo usiku ndi mafoni azichajidwa. Ine ganizo limeneli ndikulikana poyera. Ndalama zimene munazipeza popalira minda ya anthu, poumba njerwa ndi pogulitsa vitumbuwa siziyenera kupita pa cinthu cimene palibe mmodzi mwa inu anakhala pansi ndi kuciwerengera.

Ndikudziwa dzina limene mundichulire: William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, tsidya lija la Malawi. Nkhani yake ndi yoona, ndipo ambiri munaiona mu filimu ya 2019. Koma mwaimvetsa bwanji? Mnyamata ameneyu anasiya sukulu cifukwa cosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Sanasonkhetse anthu ndalama. Anapita ku laibulale, nawerenga buku lochedwa Using Energy, kenaka anatola fani ya thirakitala, njinga yakale, dainamo, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Makina ake oyamba anayatsa mababu owerengeka ndi wailesi. Akadalephera, akadataya zitsulo za kudzala basi. Ndipo pambuyo pake, pofuna kubweretsa madzi akumwa m'mudzi mwao, anaika pampu ya sola. Amene afuna kumutsanzira ayambe ndi kuwerenga, osati ndi kugula.

Cimene wogulitsa sadzakuuzani ndi ici. Nambala ya pa bokosi ija makina amaifikira pokhapokha mphepo ikuthamanga mamita 11 kapena 12 pa sekondi imodzi. Imeneyo ndi mphepo yogwedeza nthambi zikuluzikulu za mitengo. Kodi imaomba masiku angati pa caka kwanu? Mphamvu ya mphepo simatsika pang'onopang'ono ai. Liwiro likatsika ndi theka, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Likatsika kucoka pa 12 kufika pa 4, imatsala gawo limodzi mwa magawo 27. Ndiye kuti makina a mawati 400 aja adzakupatsani mawati 15 okha, okwana mababu awiri kapena atatu aang'ono. Mphepo ikacepera mamita atatu pa sekondi, ambiri mwa makinawa satulutsa kanthu, ngakhale mapiko aoneke akuzungulira. M'madera ambiri a Zambia mphepo ya pafupi ndi nthaka ndi yofooka cotero. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Ena adzati, "Koma kwathu mphepo imaomba mpaka kusasula madenga." Inde, mu Ogasiti ndi Seputembala imaomba ndithu, fumbi kuti koboo. Nanga mu Januwale ndi Febuluwale? Batiri silidya mbiri ya mphepo ya caka catha. Ndiponso kamvuluvulu wosasula denga sapanga magetsi, amangothyola mapiko. Cofunika ndi mphepo yokhazikika, yoomba maora ambiri, miyezi yambiri.

Za denga la chalichi ndiye musayese n'komwe. Mphepo ikagunda khoma, mitengo ya mango kapena nyumba ya abusa, imasokonezeka ndi kuzungulirazungulira, ndipo makina amangotembenuka uku ndi uku osagwira nchito. Kunjenjemera kwake kumamasula misomali ya malata ndi kung'amba khoma, phokoso lake n'kumamveka pakati pa ulaliki. Makina a mphepo amafuna nsanja yake pabwalo poyera, yoti makinawo apitirire mtengo kapena nyumba iliyonse yapafupi ndi mamita pafupifupi 10. Nsanja yotero imafuna maziko a simenti, mawaya oikoka mbali zonse, ndi waya wolowa pansi woteteza ku mphezi. Onjezani batiri, kontorola yoteteza batirilo, buleki yoimitsa mapiko pa namondwe, ndi munthu wokwera pamwamba kukamanga mabauti ndi kuona mabering'i caka ndi caka. Kodi wosunga cuma wanu anaziika zonsezi m'buku lake?

Pali mau ena amene amandiwawa koposa. Wina akafunsa mafunso otere pa msonkhano, anzake amati alibe cikhulupiriro, akubweza gulu m'mbuyo. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi kugwiritsa nchito dzina la Mulungu potseka pakamwa anthu anzeru. Tsegulani Luka 14 ndime 28 mpaka 30. Ambuye Yesu mwini anapereka citsanzo ca munthu womanga nsanja, ndipo amene anasekedwa ndi uja anayamba kumanga asanawerengere. Kuwerengera ndi mbali ya ukapitao wabwino. Ndalama za gulu ndi thukuta la alongo ndi abale anu, ena mwa iwo ana amasiye.

Sindikunena kuti makina a mphepo ndi oipa. Pa phiri, pa cigwa cacikulu copanda mitengo, kapena pa famu ya pamalo okwera, amatha kugwira nchito, makamaka akaphatikizidwa ndi sola, pakuti mphepo imaomba ndi usiku womwe. Cimene ndikukana ndi kugula mwakhungu.

Cotero citani izi. Imikani mtengo wautali pamalo amene mukufuna, mumangirepo kansalu kopepuka. Sankhani anthu atatu azilemba m'kope m'mawa, masana ndi madzulo kwa caka cathunthu. Ngati kansalu kali lende ndipo masamba akungogwedera pang'ono, mphepo ndi yosakwana. Ngati kaongoka, fumbi likuuluka ndi nthambi zing'onozing'ono zikugwedezeka, imeneyo ndiyo mphepo ya magetsi. Pitani ku ofesi ya boma yoona za nyengo mukafunse za mphepo ya m'dera lanu. Funsani wogulitsa kuti makina ake amatulutsa mawati angati pa mphepo ya mamita 4 ndi 5, ndipo alembe pa pepala. Yerekezani mtengo wonse ndi wa sola, imene ilibe cozungulira coti cingathyoke, ndipo dzuwa tili nalo lambiri. Amene ali ndi luso la manja apange kamakina kakang'ono ndi dainamo ya njinga, aphunzirepo.

Kope likadzadzaza ndi masiku a mphepo, gulani, ndipo ine ndidzabwera kudzakumba nao maziko. Likadzaonetsa bata, sungani makwaca anu. Safunsa anadya phula.