Kuthamanga Sikufika: Za Magulu Olimbitsa Thupi pa Tchuthi

 Tchuthi chachikulu chikamayandikira, anyamata ambiri a mu Fomu 3 ndi Fomu 4 timapangana kuti tikakafika kumudzi tikatsegule gulu pa WhatsApp loti tizilimbikitsana kuthamanga ndi kuchita majowajowa, kuti pobwerera kuno ku seminale tisadzapezeke tikupuma wefuwefu pa bwalo la mpira. Ganizoli ndi labwino ndipo ine ndili nalo limodzi. Koma tonse tikudziwa m'mene magulu otere amathera. Sabata yoyamba foni imalira usiku ndi usana. Sabata yachiwiri olemba atsala atatu. Ikamafika yachitatu, gulu lija lasanduka la nthabwala ndi zotsatira za mpira wa ku England. Ambiri amati vuto ndi ulesi. Ine ndikukana. Mnyamata amene amadzuka ndi belu kusanache chaka chonse ndi kugwira ntchito zamanja masana si waulesi ayi. Chimene chimapha magulu amenewa ndi cholinga chimene timaika pa tsiku loyamba.

Kwathu ndi ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, choncho zitsanzo zanga zikhala za m'mbali mwa nyanja. Anzanga a kumapiri mundikhululukire.

Mukafunsa mnyamata polowa m'gulu kuti akufuna chiyani, yankho limakhala lakuti, "Ndikufuna ndikhale fiti." Nanga kukhala fiti kumayezedwa ndi chiyani? Udzadziwa bwanji kuti wafika? Msodzi akamakankhira bwato m'madzi sanena kuti ndikupita ku nyanja basi. Amadziwa malo amene akukaponya chilimila, amadziwa kuti mwezi utuluka nthawi yanji, ndiponso amadziwa nthawi imene ayenera kukocheza kuti usipa usaonongeke. Akatswiri awiri a za maganizo a munthu, Edwin Locke ndi Gary Latham, adafufuza nkhani imeneyi kwa zaka zambiri ndipo mu 1990 adatulutsa buku pa zimene adapeza. Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti munthu amene wapatsidwa cholinga chodziwika bwino, chovutirako koma chotheka, amachita bwino kuposa amene wangouzidwa kuti ayesetse m'mene angathere. Adaonanso kuti munthuyo ayenera kumaona m'mene akuyendera. Tsono "ndikhale fiti" ndi chimodzimodzi ndi "yesetsa m'mene ungathere". Koma ukanena kuti, "Pofika Loweruka lomaliza la tchuthi ndizitha kuthamanga makilomita 5 osaima," wanena chinthu chimene ngakhale mng'ono wako wa mu Sitandade 4 atha kukutsutsa nacho. Cholinga chenicheni ndi chimene munthu wina angakugwire nacho bodza.

Vuto lachiwiri ndi lobwereka zolinga za eni ake. Mafoni ambiri amawerenga mapazi amene munthu waponda pa tsiku, ndipo aliyense amathamangira nambala ya 10,000 ngati kuti idachokera kwa dokotala. Nambala imeneyi idatchuka ku Japan cha m'ma 1965, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerengera mapazi kotchedwa Manpo-kei. Idayamba ngati malonda. Sindikunena kuti kuyenda n'koipa, koma nambalayi imathandiza munthu amene amakhala pa mpando mu ofesi tsiku lonse. Mayi wa ku Kande amene wapita kumunda kukazula chinangwa, n'kukachiviika, n'kukatunga madzi, n'kukatola nkhuni, sasowa foni yomuuza kuti wayenda. Msodzi amene wapalasa bwato usiku wonse foni ingamulembere kuti sanachite kanthu, chifukwa miyendo yake sidasunthe. Mnyamata wa kunyanja amene akufuna kulimba pa mpira asowa china: mpweya wotha kuthamanga mphindi 90. Cholinga chake chikhale cha zimenezo.

Ndiye pali anzathu ena amene amaonera kanema wa Eliud Kipchoge wa ku Kenya madzulo, m'mawa mwake n'kunena kuti athamanga kuchokera ku Chintheche mpaka ku Kande ndi kubwerera. Tsiku lachiwiri akutsimphina, lachitatu atuluka m'gulu mwakachetechete. Zoona, pa 12 October 2019 mu mzinda wa Vienna, Kipchoge adathamanga makilomita 42 ndi mamita 195 mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Koma tsiku limenelo anali ndi zaka 34, ndipo anali atayamba kupikisana ndi akatswiri a dziko lonse asanakwanitse zaka 20. Anali ndi othamanga anzake 41 amene ankasinthana kumutsogolera ndi kumutchingira mphepo. Kanema wa pa foni amakuonetsa masekondi omaliza okha. Sakuonetsa zaka zonse za ku Kaptagat, kumene mkuluyu ankagona pa kampu ndi anzake, kusesa nawo, ndi kulemba m'kope liwiro la tsiku lililonse. Pa zonsezi, chimene ife tingatengere mawa lomwe ndi kopelo, chifukwa makope ndiye tili nawo.

Njira yoyambira imene ine ndimaikhulupirira ndi imene munthu wina wa ku America, Josh Clark, adakonza mu 1996, yotchedwa Couch to 5K, imene a zaumoyo a ku Britain adaitenga n'kumailimbikitsa. Imatenga masabata 9, kuthamanga katatu pa sabata ndi kupuma tsiku limodzi pakati. Sabata yoyamba umathamanga mphindi imodzi, n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, kubwereza choncho kwa mphindi 20. Anzanga ena aseka kuti zimenezi ndi za agogo. Kwa mnyamata amene amasewera mpira kale, n'zoona kuti atha kuyambira pakati pa ndondomekoyi. Koma nzeru yake ndi yofunika kwa tonse: mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene mafupa ndi mitsempha zimachedwa. Ukamva kuti mpweya ulipo n'kuwonjezera mtunda mwadzidzidzi, chimene chimayamba kulira ndi msongolo ndi bondo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Tchuthi chathu sichifika masabata 9, choncho cholinga chigwirizane ndi masiku amene tili nawo, ndipo chotsalacho tidzamalizire kuno.

Nanga amene alibe foni yoyeza mtunda achite bwanji? Apa ndipo pamene magulu a pa WhatsApp amalakwira anzathu ambiri, pakuti amachita ngati wopanda foni yapamwamba sangayambe. Bwalo la mpira lokwanira bwino limatalika mamita 105 ndi 68 m'mbali, ndiye kuti ukalizungulira katatu wathamanga kilomita imodzi ndi pang'ono. Mabwalo a m'midzi amasiyana, koma ukamazungulira lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, kuwerenga kwako kumakhala koona. Pali mapolo a magetsi m'mbali mwa njira: thamanga awiri, yenda awiri. Ndipo pofuna kudziwa ngati ukuthamanga mopyola muyezo, yesa kulankhula ndi mnzako. Ngati sungathe kumaliza chiganizo, chepetsa liwiro.

Kunena zoona, ife a kunyanja sitiyenera kuphunzira nkhani imeneyi kwa azungu, chifukwa gulu lolimbitsa thupi lokhala ndi cholinga tidali nalo kale: malipenga. Guleyu adabwera ndi makolo athu amene adaona perete wa asilikali m'nthawi ya nkhondo yaikulu. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo ake, kuyambira mfumu mpaka dokotala. Amene mudaonerapo mukudziwa kuti kuvina malipenga si masewera. Munthu wavala kabudula woyera ndi masokosi ataliatali, akuimba lipenga la mphonda uku akuwerama ndi kudzuka motsatira ng'oma, thukuta lili kamukamu koma malaya osadetsedwa. Kodi n'chifukwa chiyani boma la malipenga silifa pa sabata yachitatu? Choyamba, tsiku lokakumana ndi boma la mudzi wina limadziwika, ndipo aliyense akudziwa kuti tsikulo anthu adzaona amene adakonzeka. Chachiwiri, nthawi ndi malo oyeserera sizisintha. Chachitatu, ukajomba, pamzere pamaoneka mpata, ndipo anzako amadziwa khomo la kwanu. Amayi ndi atsikana ovina chilimika pa Chaka Chatsopano amachitanso chimodzimodzi. Pa WhatsApp palibe mzere. Ukasowa, palibe amene amaona mpata wako.

Ichi n'chifukwa chake ndikuti gulu la pa foni likhale lothandizira chabe. Aliyense akhale ndi mnzake mmodzi wa m'mudzi momwemo, kaya ndi msuweni, kaya ndi mnzake wa ku kwaya, woti azidzutsana. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo amene adayesapo kuthamanga pa mchenga wa ku Chintheche kapena wa ku Bandawe akudziwa kuti mwambiwu si wongopeka. Mnzako ameneyu ndiyenso mboni. Tisanamizane, chithunzi cha nambala chotumizidwa pa gulu sichitsimikiza kanthu. Munthu atha kutsegula foni n'kukwera kabaza, madzulo n'kulandira m'manja ngati katswiri. Gulu likasanduka lopikisana kuti wathamanga kwambiri ndani, wofooka amangotsala ndi njira ziwiri, kunama kapena kutuluka. Pamenepo ndiye kuti wataya munthu yemweyo amene gululo lidayenera kumuthandiza. Ine ndikanakonda kuti pa gulu tiziwerenga masiku amene munthu wasunga lonjezo lake, osati makilomita. Wolonjeza katatu pa sabata n'kukwanitsa katatu waposa wothamanga makilomita 15 tsiku limodzi n'kugona sabata yonse.

Ndikudziwa kuti makolo ena powerenga izi akuti, "Mwana wabwera ku tchuthi kudzatithandiza kumunda, osati kudzathamanga ngati wabedwa." Amayi ndi abambo, muli ndi mfundo. Mnyamata amene amathamanga m'mawa n'kukagona masana amayi ake akusenza chinangwa okha, ameneyo alandidwe nsapato. Ndalama ya bando nayonso si yotola, ndipo si chilungamo kuipempha tsiku ndi tsiku pamene fizi ya teremu yamawa sinapezeke. Uthenga umodzi Loweruka madzulo ndi wokwana. Koma ndikupemphani mutilole mphindi 30 kusanache, katatu pa sabata, khasu tidzaligwira pobwera. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, lidati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi pafupifupi mphindi 60 pa tsiku. Kulima kumawerengedwa nawo m'mphindi zimenezo, kungoti khasu limalimbitsa msana ndi mikono, silikonzekeretsa munthu kuthamangitsa mpira. Ndipo musaiwale kuti liwiro lidatengerapo Amalawi kutali. Mu 2004 Catherine Chikwakwa adatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy.

Cholinga chabwino chimadziwanso malo ake. Pa msewu wa M5 pamadutsa malole ndi maminibasi, choncho thamangani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto imene ikubwera, ndipo zomvera m'makutu zitsale kunyumba. Amene asankha kusambira asapite okha, asayandikire pamene mitsinje ngati Luweya imathira m'nyanja chifukwa cha ng'ona, ndipo mwera ukamaomba m'miyezi yozizira asayese dala. M'madzi odekha a m'mabango muli nkhono zofalitsa likodzo. Ndipo thupi likatentha, kope litsekedwe, munthu apite kukayezetsa malungo. Tsiku lojomba chifukwa cha matenda lisawerengedwe ngati kuphwanya lonjezo.

Abambo ansembe, mundikhululukire ngati mwana walowa m'bwalo la akulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa STEPS amene adachitika m'Malawi mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Ntchito yanu imakukhazikani pansi nthawi yaitali: pa galimoto popita ku nthambi, mu ofesi, pa misonkhano. Kwa akuluakulu WHO idati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kumakwana. Tikakuonani pa bwalo madzulo, ngakhale mukungozungulira, ife timalimba mtima kuposa tikamva malangizo pa asembule. Ku Iten m'dziko la Kenya, Brother Colm O'Connell wa ku Ireland adafika pa sukulu ya St Patrick's mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe, osadziwa za liwiro. Adangoyamba kupita ku bwalo ndi ana ake. Mmodzi mwa amene adadzawaphunzitsa ndi David Rudisha, yemwe adapambana mamita 800 pa Olimpiki ya ku London mu 2012.

Pempho langa kwa pulifekiti wa zamasewera ndi kwa Bambo otiyang'anira pa masewera ndi ili. Sabata yomaliza tisanatsekere, aliyense wofuna azungulire bwalo katatu, nthawi yake ilembedwe. Pa pepala lomwelo alembe yekha cholinga chake, masiku amene azithamanga, ndi dzina la mboni yake ya kumudzi. Pepalalo litsale kuno, lokhomedwa pa bolodi. Loweruka loyamba tikatsegulira tidzabwerere pa bwalo lomwelo ndi wotchi yomweyo. Changa ndalemba kale: Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, 5 koloko m'mawa, pa bwalo la pulaimale ya kwathu, maulendo 15 osaima pofika sabata yomaliza. Mboni ndi msuweni wanga wa kwa amalume, amene wandichenjeza kuti ndikachedwa kudzuka azidzagogoda pa zenera.