Kachitsulo kamene amakaniko amataya

Loweruka lapitali ndinapeza mnansi wanga kuno ku Lundazi atawerama pa injini ya Hilux yake yadizilo, akubwezera thermostat imene makaniko wina anaichotsa ponena kuti kwathu n'kotentha, kachitsuloko n'ka kumayiko achisanu. Bodza limeneli latiwonongera mainjini ambiri. Thermostat imatsekereza madzi mpaka injini itafunda kufika madigiri pafupifupi 80, kenako n'kutsegula. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda, makamaka m'mawa wa mu June, imamwa dizilo wambiri, imafuka utsi ndipo imatha msanga. Mnansiyo anasinthanso sensa yoyeza kutentha kwa madzi, chifukwa ikamanama, kompyuta ya galimoto imathira mafuta molakwika. Anadikira kuti injini izizire, anaika gasiketi yatsopano, n'kutulutsa mpweya m'mapaipi. Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti anakana madzi a pamjigo, omwe amasiya dzimbiri mu redieta, nagula coolant. Galimoto yonyamula chimanga ndi soya kupita ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 170, siyoyenera kukonzedwa mongoganizira. Ndikupempha amakaniko athu kuti aziyamba aviika thermostat m'madzi owira n'kuona ngati ikutsegula, ndipo ikakhala yakufa aziika ina.