Kanambala kakatsika pamzere, madzi safika pampopi

Mainjiniya ambiri okonza mapulani a madzi a m'mipope, akwathu kuno omwe, amayamba ayesa ntchito yawo pakompyuta asanakumbitse ngalande. Pulogalamu yotchuka pa zimenezi ndi EPANET, yomwe Lewis Rossman analemba ku EPA, bungwe la boma la America loona za chilengedwe. Inatuluka mu 1993 ndipo ndi yaulere. Umaiuza kutalika ndi kukula kwa mapaipi komanso pamene pakhale thanki, iyo n'kukuonetsa ngati madzi adzafike pampopi wakumapeto kwa mudzi.

Chondidetsa nkhawa ndi buku la malangizo a EPANET likamadutsa m'manja ambiri. Wina akopera pa PDF, wina amata mu Word, wachitatu asindikiza kuti ophunzira agawane. Mawu amafika onse bwinobwino, koma masamu amafika atathyoka miyendo.

Taonani fomula ya Hazen-Williams, yowerengera mphamvu imene madzi amataya poyenda m'paipi. Paphewa pa chilembo d, choimira kukula kwa paipi, pamakhala kanambala kakang'ono, -4.871. Kakangotsika n'kukhala pamzere umodzi ndi d, wophunzira amayesa kuti akumuuza kuchotsera 4.871. Nayonso 4.727 ya kumayambiriro kwa fomulayi ndi ya amene akuyeza m'mafiti. Wa mamita amafunika 10.67. Mutu wa tebulo la fomulayi, umene umatchula mafitiwo, ukatsalira patsamba lina, adziwa bwanji mwana wa eni?

Choopsa kwambiri ndi tebulo la kusalala kwa mapaipi, chifukwa nambala zake munthu amazilowetsa yekha. Paipi yapulasitiki ndi 140 mpaka 150, yachitsulo ya galvanized ndi 120. Mizere ikasendera n'kusakanikirana, kompyuta siikana ayi. Imawerengera zomwe waipatsa, n'kukujambulira mapu okongola. Cholakwacho chidzaonekera kumudzi, amayi atandanda ndi zidebe pampopi wongodontheza.

N'chifukwa chake sindivomereza kuti kukonza zoterezi ndi kantchito kongokongoletsa tsamba, koyenera kusiyira aliyense wodziwa kutaipa. Wobweza kanambala kaja paphewa pa d ayenera kudziwa chimene kakutanthauza, ndipo ayenera kupatsidwa nthawi yokwanira.

Aphunzitsi ndi akuluakulu a ntchito zamadzi, musanagawe mapepala amenewa, ayerekezeni kaye ndi buku lenileni la EPANET 2.2, lomwe linatuluka mu 2020. Kenako tengani paipi imodzi, muwerengere pamanja ndi fomula ya papepala lanulo, muone ngati yankho likugwirizana ndi la pakompyuta.